Apongozi pa Mpando Wachiwiri

Lamulo la mpando wachiwiri ndi losavuta. Apolisi sangakufunse kanthu ngati wachibale wako sanakhale pambali pako. Mpandowo ukakhala wopanda munthu, makina ojambula mawu sayaka, ndipo chilichonse chimene wavomera chimapita ndi mphepo.

Vuto ndi mwamuna wanga, Gwedeza. Amavomera zilizonse. Ukamuuza kuti ndiye anaumitsa mtsinje, amati, "Pepani, sindidzachitanso."

Apolisi atamugwira chifukwa cha batire la pamjigo, lomwe linasowa iye ali kumaliro kutali, ndinapsa mtima. Ndinamanga chitenje kuti ndikakhale pampandowo.

"Iwe ukakalipa, iye akavomera kuti phokoso lithe," anatero mayi anga, akuvala mpango. "Ndipita ine."

Kwathu mkamwini salankhula pamaso pa apongozi ake, ngakhale kuwayang'ana kumene. Ndinawatsatira n'kukasuzumira pawindo. Mayi atakhala, makina anayaka, Gwedeza anatembenukira kukhoma.

"Bambo Gwedeza, batire munaliika kuti?" anafunsa wapolisi.

Zii.

"Ufulu wokhala chete muli nawo, achimwene, komatu mwaupyoza muyeso!" anadandaula wapolisi uja.

"Mufunseni mofatsa, mwana wa eni ake ameneyu," anatero mayi, akutongola mtedza. "Ine sindikuthamangira kulikonse."

Dzuwa litapendeka, mtedza unatha, umboni panalibe, ndipo anamumasula.

Pobwerera, mayi ali patsogolo, Gwedeza anandinong'oneza. "Wapolisi uja watopa, wandimvetsa chisoni. Bwanji ndibwerere ndikangovomera?"

"Amayi!" ndinakuwa. "Tatidikirani!"

Gwedeza anatseka pakamwa mpaka kunyumba.