Mpunga Unamera M'matumba ku Bwanje

Panali munthu wina wa ku Kandeu, dzina lake Fyson, wolemba mapulogalamu a kompyuta. Gulu lina la alimi a mpunga ku Bwanje linamulemba ntchito pamodzi ndi mnzake Lukia. Ankafuna pulogalamu ya pafoni yotsimikizira wogula kuti mpunga wa mlimi wakuti wayezedwa ndipo wauma.

Lukia ataona zimene Fyson analemba anati, "Achimwene, apa mwaika delegate. Ikani expression tree."

"Zonse zimagwira ntchito. Zikusiyana pati?"

"Delegate ndi lamulo lotsekedwa. Seva, kompyuta yakutali yosunga mayina a alimi, singaliwerenge, ndiye imangotumiza alimi onse kuti foni isankhe yokha. Expression tree seva imaiwerenga, n'kusankha konko, n'kutumiza wofunikayo basi. Netiweki ya ku Bwanje mukuidziwa kufooka kwake."

Fyson anaseka. "Ndayesa kale, ikuthamanga. Musandiphunzitse ntchito, asisi."

Anayesadi, koma ndi mayina ochepa, ali mu ofesi pa boma.

Mpunga wa mthirira utakololedwa, alimi anatuta matumba pa njinga n'kuwaunjika m'mbali mwa msewu. Wogula anafika ndi malole. Foni inayamba kukoka mayina a alimi onse, zithunzi zawo ndi zokolola za zaka zonse. Inazungulira, inazungulira, kenako inangouma.

"Popanda chitsimikizo sindikweza thumba," anatero wogula. Masana malole anabwerera opanda kanthu. Madzulo ake mvula yoyamba inakhuthuka. Mpunga unanyowa, ndipo wina unamera m'matumba momwemo.

Pamsonkhano alimi anali olusa. Fyson anaimirira nati, "Amene analemba mbali ya pulogalamu yomwe yavutayi ndi Lukia."

Lukia anayesa kufotokoza, koma tcheyamani, bambo Nicholas, anamudula. "Mayi, Chizungu chanucho sichiumitsa mpunga wathu. Tulani pansi ntchito."

Mawa lake Fyson anasintha mzere umodzi womwe Lukia anamuuza uja mwakachetechete. Pulogalamu inayamba kuthamanga, akomiti n'kumuombera m'manja kuti wakonza zimene mnzake anawononga. Lero Lukia amagulitsa sopo ndi mchere m'shopu ya bambo ake. Fyson akadali pa ntchito, ndipo akamadutsa pashopupo amayang'ana kumbali.

Phunziro: Zinthu ziwiri zikafanana pamaso, funsani kusiyana kwake musanasankhe. Wokana malangizo sagwa yekha, amagwetsa osalakwa. Ndipo inu oweruza, musathamangitse munthu chifukwa choti simukumva zimene akunena. Tumizirani anzanu, makamaka amene amati "ndayesa kale."