Pulagi ya Pansi pa Zenera

Kompyuta inazimanso m'mawa, achemwali anga ali pa tsamba lomaliza la fomu yofunsira ntchito ya unamwino, kutatsala mphindi zisanu kuti atseke kulandira. Pomwe imayaka, n'kuti atatseka kale.

Aka kanali kachinayi sabata imeneyo. Bambo wokonza makompyuta anali atapukuta fumbi, kusintha fani, koma ayi ndithu. Atabweranso masana, anagwada n'kutsatira chingwe mpaka kukhoma, pansi pa zenera.

"Pulagi iyi ikugwedera. Apa pamaima ndani?"

Pazenerapo ndi pomwe ndimamvera nkhani za aneba, ndipo m'mawawo mayi a nyumba yachiwiri amaponyera amuna awo zovala panja, ndi nsapato zomwe. Ndani akanapirira? Ndinatsamira khoma, bondo pa pulagi.

"Mwina ndi mphaka," ndinatero.

Kwathu sitiweta mphaka.

Achemwali sanandikalipire, bola akanatero. Anapinda masatifiketi awo bwinobwino, kenako anandifunsa motsitsa mawu, "Nanga anebawo, agwirizana?"

Nkhani yonse ndimaidziwa.