Chaka Chimodzi Patsogolo

"Thira bwino, iwe. Thovu lachuluka," anatero kochi Shiozaki.

A Nagumo, wapampando wa timu, anapendeketsa botolo la mowa ndi manja awiri. Komiti inali itawatuma kuti akamuchotse ntchito kochiyu, chifukwa timu inkangogonja sabata ndi sabata. Vuto linali limodzi. Kusekondale Shiozaki anali kalasi imodzi patsogolo, ndipo a Nagumo ndi amene ankamupukutira nsapato za mpira. Kuchokera apo a Nagumo anatchuka pabwalo, anakhala kochi, kenako wapampando, koma chaka chimodzicho sichinasunthe.

"Achimwene, komiti inakhala pansi dzulo..."

"Ukumenyabe mpira ndi chala chachikulu chija?"

"Mpira ndinasiya kalekale, achimwene."

"Unachita bwino. Idya, msuzi ukuzizira."

A Nagumo anadya. Atamaliza anamuperekeza kochiyo kokwerera sitima, atamunyamulira chikwama.

M'mawa mwake, pamaso pa atolankhani, anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo.

"Timu ikamagonja, wolakwa ndi wapampando. Ndatula pansi udindo."

Komiti sinataye nthawi. Inafunsafunsa za anyamata akale a sukulu ija, n'kupeza a Hirukawa, ogulitsa matayala, amene mpira ankangouonera pa kanema. Iwo anali kalasi imodzi patsogolo pa Shiozaki. Komiti inawaveka tayi, n'kuwakhazika pampando.

A Hirukawa anaimba foni akusenda nachesi.

"Iwe Shiozaki, longedza."

"Chabwino, achimwene. Makiyi ndisiye pati?"