Chibwenzi cha Akazi a Kalipentala

Inunso munaimva, eti? Msewu wathu wonse unkanong'ona kuti akazi a Kalipentala apeza chibwenzi kuchipatala. Ati ndi dokotala wina wamtali. Ati Lachinayi lililonse amatsekerana m'kachipinda ka kumapeto, magetsi thii, dokotalayo n'kumawasisita zala chimodzichimodzi.

Ndiye Lachinayi lina a Kalipentala anali phee pabenchi ya chipatalacho, chipewa chili m'maso, mtima ukuwira.

Komatu kufika kwawo pamenepo chinali chozizwitsa. Bambowa chipatala ankadana nacho koopsa. Miyezi isanu ndi umodzi zala zawo zinali zotupa m'mfundomu, m'mawa zikuuma gwa, nyundo ikupulumuka, makasitomala akuthawa. Akazi awo akati, "Bambo a m'nyumba, iyi ndi nyamakazi, tiyeni akakuoneni," yankho linali limodzi: "Mwamuna wathunthu kukafola chifukwa cha chala? Ndikafa mudzandinyamule!"

Ali pabenchi paja, posakhalitsa akazi awo anatulukira, atatchena, kakhadi kobiriwira kali m'manja. Anadutsa osacheuka, n'kulowa m'kachipinda ka kumapeto. Chitseko kwaa. Kuwala kwa pansi pa chitseko zii.

Basi, umboni wakwana! A Kalipentala anadzambatuka. Anagwira chotsegulira, zala zinakana. Anayesa ndi dzanja linalo, zinakananso. Mapeto ake anakankha ndi phewa, n'kugwera m'katimo ngati thumba la simenti.

"Ndakugwirani! Ali kuti wakuba akazi a eni?"

Mumdimamo munali kabokosi koyaka mofiira ndi sikirini ngati ya TV. Pambali pake panali dokotala, wamtalidi, koma mayi wa imvi mbuu.

"Takulandirani, bambo," anatero dokotalayo. "Ikani dzanja m'kabokosimu. Jakisoni palibe. Kuwalaku kudutsa m'zala zanu, pamene patupa paoneka pasikirinipo. Mwezi ndi mwezi tizijambula, tiziona ngati mankhwala akugwira."

"Ine? Ine ndabwera kudza…"

Akazi awo anawavula chipewa, n'kuwakhazika pampando ngati mwana wa sukulu. Kenako anaika kakhadi kaja patebulo. Dzina lolembedwapo linali la a Kalipentala, tsiku lake lomwelo, nthawi yakenso yomweyo.

"Sindinaname, adokotala," anatero amayiwo. "Ndinati abwera okha, chothamanga."

Ndiye inu tandiuzeni, mphekesera ija mukuti anaiyambitsa ndani?