Wailesi Yalankhula

"Yalankhula!" Efulemu anakuwa, msomali wamoto wolumikizira mawaya udakali m'manja.

Wailesi yakufayi anaitola pamsika wa Mitundu, ndipo kuikonza kunamudyera dzinja ndi chilimwe chomwe. Bwenzi lake Jacinta Chimphepo, pobwerera kwawo ku Nathenje, adamuseka kuti, "Chiwailesi chakochi chikadzalankhula, udzatume ankhoswe."

Efulemu anapotoza kabatani pang'onopang'ono mpaka mawu a muulutsi anamveka bwino. Inali nthawi ya moni.

"Mayi Jacinta Chimphepo a ku Nathenje akupereka moni kwa amuna awo a Gilibati, omwe apita kumene kumigodi ku Wenela."

Amayi a Efulemu anasuzumira pakhomo akumwetulira. "Ndamva ngati mawu a munthu. Yatheka, mwanangu?"

Efulemu anazula waya womwe anali atangolumikiza.

"Ayi, amayi. Yakanika."