Dzanja Paphewa la a Dahlke

Dzuwa litalowa, a Dahlke anabwerera kupaki ya udzu m'chigawo cha Iowa kukatenga magalasi oonera mbalame amene anaiwala pabenchi. Kale pamalopo panali munda wa chimanga, ndipo iwo ndi anzawo ndiwo anabzalanso udzuwo. Koma makutu awo anali atakalamba, moti kuimba kwa mpheta sankakumvanso.

Mayi wina wa diresi lofika kuzidendene anawagwira phewa chakumbuyo ndi dzanja lozizira.

"Tamverani, bambo."

Pompo tchire lonse linadzaza nyimbo za mbalame. Misozi inalengeza m'maso mwa a Dahlke.

"Mbalamezi zinasiya kuimba chaka chimene amuna anga anagawula tchire lino ndi ng'ombe," anatero mayiyo. "Mwachita bwino kuzibweza."

Tchirelo linagawulidwa agogo awo a Dahlke asanabadwe.

"Zikomo, mayi," ananong'ona a Dahlke, koma sanacheuke, kuopa kuti dzanja lozizira lija likachoka, nyimbo nayo itha.