Banga pa Nkhope ya Malemu

Bokosi linatenthanso kachitatu. Kalipentala analizimitsa msanga, fungo la pulasitiki yopserera litadzaza kale chipinda.

Bokosilo linali pulojekita yoonetsera vidiyo pa khoma, ndipo analipanga yekha. Anatenga matabwa otsala ku shopu kwake, sikirini ya laputopu yakufa, galasi lokuzira zinthu, ndi babu yaikulu ya nyale zija amaika pa mipanda ya mafakitale. Mawindo anawatchinga ndi mabulangete, moti ngakhale kunja dzuwa linali paliwombo, m'chipindamo munali mdima wa ndiwe yani.

Ntchito yonseyi inali ya vidiyo imodzi ya masekondi makumi anayi. Mkazi wake akuyanika zovala, kenako akutembenuka n'kuseka. Panali patatha chaka chimwalirireni, ndipo nkhope yake inali itayamba kufufutika m'mutu mwa kalipentala. Pa foni mkaziyo ankaoneka wamng'ono ngati chala. Iye ankafuna kumuona ataima pa khoma ndi msinkhu wake weniweni, mutu utafika pa msomali umene ankakolekapo mpango wake.

Koma bokosilo silinkatha mphindi imodzi lisanayambe kununkha.

Anachotsa chivundikiro n'kuyatsa babu. Anaweramira mkati, nayang'anitsitsa kuti aone pamene kautsi kakuchokera. Kuwalako kunali kolasa, koma sanaphethire. Misozi inatsika, osailabadira, popeza chaka chonsecho anali ataizolowera. Anayang'ana mpaka anapeza vuto: babu inali pafupi kwambiri ndi sikirini. Anaisunthira kumbuyo, naika galasi pakati, n'kumangirira fani ya kompyuta m'mbali mwa bokosi. Kasikuluwu kamodzi komangira faniyo kanamugwa. Anakafunafuna pa tebulo osakaona, mpaka anakapeza ndi chala, kali poyera penipeni.

Atayatsanso, mkazi wake anaima pa khoma. Msinkhu unali womwewo. Chingwe chinkaoneka, malaya ake oyera ankaoneka, ngakhale manja onyowa aja ankaoneka. Koma pa nkhope panali banga lofiirira, ngati tiyi wotayikira pa nsalu.

“Yapsa,” anatero chamumtima. Anali atamva kuti sikirini ikatentha kwambiri imachita banga lotere.

Anaimbira foni mlamu wake, mng'ono wa malemuyo, amene amakonza mafoni ndi mawailesi kumsika. Podikira, anabwereza vidiyoyo kasanu. Apa m'pamene anaona chachilendo. Mkaziyo akawerama kutenga chovala m'beseni, banga linkawerama naye. Akatembenuka, linkatembenuka naye.

Kalipentala anakhala pansi. Panali chinthu chimene sanauzepo munthu. Tsiku limene anamwalira, mkazi wake anamugwira dzanja n'kunena kuti, “Lero lokha musapite.” Iye anapita kukaika chitseko kwa kasitomala. Pobwera anapeza anthu atadzaza pakhomo. Tsopano mkaziyo anali pa khoma, akumubisira nkhope.

Chitseko chinalira.

“Alamu, mdima wonsewu mukubisa mkazi wachiwiri?” anatero mlamu uja, akupapasa khoma. “Mukadandiuza, bwenzi nditavala bwino.”

Kalipentala sanatembenuke. Chiikireni maliro sankamuyang'ana kumaso mlamuyu, chifukwa nkhope yake inali ya mkulu wake yeniyeni, ngakhale kampata ka m'mano.

“Bokosi likutentha,” anatero maso ali pansi. “Lawotcha sikirini. Taona wekha.”

Mlamu anaika chikwama cha zida pa tebulo. Anagwira bokosi pamwamba ndi m'mbali, natchera khutu pa fani, n'kununkhiza.

“Lazizira ngati mtsuko ili. Mwachita bwanji? Mukufuna mundilande ntchito?”

“Ndasuntha babu.”

“Munadziwa bwanji kuti vuto ndi babu?”

“Ndinatsegula n'kuyang'ana.”

“Babu ili chiyakire?”

“Nanga utsi ndikanauona bwanji?”

Mlamu anadina batani, vidiyo n'kuyamba. Malemu anayanika malaya, anatembenuka, anaseka. Kalipentala anamva mlamu wake akukoka mpweya, kenako akufwenthera chamunsi.

“Achemwali anga,” ananong'ona mtsikanayo. “Ngati alowa pakhomo pompano.”

“Usandinyengerere. Ingondiuza ngati banga limeneli lingachoke. Ngati ikufunika sikirini ina, ndipeza. Ndikungofuna ndimuone kamodzi kokha.”

Fani inapitiriza kulira. Mlamu anaimitsa vidiyo pamene mkulu wake ankaseka. Anapita pa khoma, nayendetsa chala pa mphumi, pa tsaya, pa milomo ya chithunzicho.

“Banga lake liti, alamu?”

“Limenelo! Pamene wagwirapo!”

Mtsikanayo anapita pa windo n'kukoka bulangete, dzuwa lonse n'kukhuthukira m'chipinda.

“Tandiyang'anani,” anatero. “Chonde, alamu. Ndiyang'aneni kumaso.”

Kalipentala anadzutsa mutu, koyamba m'chaka chathunthu. Anaona bulauzi yake, ndolo zake, ndi bulangete lili m'manja mwake. Pamene panayenera kukhala nkhope panali banga lofiirira lija.

Anayang'ana chikhatho chake. Banga linamutsatira komweko.